Fulashi ya Kwaya ndi Mawu a NyaMhone

Linali Loweruka la mu Julaye, ndipo Mzuzu anadzuka monga amachitira nyengo imeneyi. Chifunga chinali chitaphimba mitengo ya paini kuseri kwa nyumba, kamvula kamawawa kakugwa, kosafuna kukula komanso kosafuna kuleka. Ndikukumbukira madzi akudontha kuchokera pa malata kugwera m'beseni lomwe ndimatchera pakhonde, nkhunda za aneba zikulira m'khola mwawo, ndi njinga ya kabaza ikubuula pa kamtunda kamatope ka kwathu ku Nkhorongo. Linali tsiku loyenera kukhala phee ndi kapu ya tiyi. Ndikanatero, bwenzi ndilibe choti ndikuuzeni. Koma pofika masana, alendo anga anali akutsanzika tiyi asanamalize, kompyuta nditaiphimba ndi nsalu ya pathebulo, ndipo ine, mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, ndikutuluka thukuta m'mwezi wozizira.

Ndiyambe ndi kompyutayo. Ndi laputopu yomwe anandisiyira mwana wanga Lusungu, namwino wogwira ntchito ku Lilongwe. Mayi ake, NyaMhone, atatisiya zaka zitatu zapitazo, Lusungu anakhala masiku angapo akusonkhanitsa zithunzi zawo zonse, za m'mafoni a abale, za kwawo ku Nkhata Bay, ngakhale za ukwati wathu, n'kuziika mu foda imodzi. Anailemba kuti AMAMA. M'fodamo munalinso chinthu china chimene sindinkadziwa kuti chilipo. Tsiku lina NyaMhone ankayeserera alito ya nyimbo ya kwaya kukhitchini, foni yawo yakale ikujambula mawu kuti adzimvere okha. Foniyo inafa kalekale, ndipo ya Lusungu, momwe munalinso mawuwo, anamubera mu minibasi chaka chomwecho. Choncho mphindi zinayi za mawu a mkazi wanga zinatsala malo amodzi okha padziko lapansi, ndipo malowo anali pathebulo langa. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndinkavula jekete, n'kukhala pansi, n'kumvetsera. Kamodzi kokha pa sabata, kuopa kuwatha. (Ndikudziwa kuti mawu satha ngati sopo, koma mtima wa munthu wamasiye uli ndi masamu akeake.)

Pochoka, Lusungu anandisiyira malamulo atatu.

"Adada, musalowetse fulashi ya munthu wina aliyense. Chachiwiri, mukuona kachizindikiro kobiriwira aka pakona? Ndi antivayirasi, mlonda wa kompyuta yanu. Musamuzimitse. Chachitatu, nayi fulashi yatsopano. Mukoperemo foda ya amama, muisunge kwina."

"Ndamva, mwana wanga."

Malamulo awiri oyambawo ndinawasunga bwino zaka zitatu, chifukwa panalibe wondiyesa. Lachitatu ndinalisunga m'njira yangayanga: fulashi yatsopano ija ndinaiika mu kabati pamodzi ndi makadi a ubatizo, ili m'pulasitiki mwake yosamatula, kuti isawonongeke.

Mmawa wa Loweruka lija kunamveka odi pakhonde. Anali a Mkandawire, mphunzitsi wopuma amene amatsogolera kwaya yathu, pamodzi ndi NyaNyirenda, mlembi wa kwayayo, amene amagulitsa nsalu mumsika waukulu.

"Mwawuka uli, adada?"

"Tawuka makora, yewo." (Chitumbuka changa chimathera pomwepo. Ndakhala kuno zaka makumi atatu, koma ndine wa ku Ntcheu ndipo lilime langa linakana kusamuka.)

Nditawathirira tiyi, a Mkandawire anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kafulashi kakang'ono ngati chala, komangidwa pa chingwe chofiira cha nsapato. Anati munali nyimbo zonse za kwaya, ndipo ankangofuna kuona ngati zilimo zonse msonkhano wa makwaya usanafike.

"Pepani, a Mkandawire," ndinatero. "Mwana anandiletsa."

"Anakuletsani mafulashi a anthu wamba, adada. Iyi ndi ya kwaya. Nyimbo zili umu amama NyaMhone anaziimba zaka khumi ndi zisanu."

Pamenepo anandigwira pofewa. Ndinatsegula laputopu, yomwe inali kale pa intaneti poti mmawa womwewo ndinali nditaona zithunzi za adzukulu, ndipo ndinalowetsa fulashiyo.

Nthawi yomweyo mlonda uja anasintha mtundu. Kuchoka pa kubiriwira anafiira, n'kulira ngati belu la pasukulu, n'kulemba m'Chingerezi kuti m'fulashimo muli chinthu choopsa ndipo waitsekera kunja. Ndikuuzeni zoona, ndinazizwa. Zaka zitatu kanthu kameneka kanakhala duu pakona, ine ndikuganiza kuti kanagona kalekale. Chonsecho kanali maso, kakuyembekezera mphindi imeneyi.

"Ikutinji?" anafunsa NyaNyirenda.

"Ikuti fulashi yanu ili ndi matenda."

"Nyimbo za Mulungu zingakhale ndi matenda?" anatero a Mkandawire, akuyang'ana m'kapu mwawo.

Apa ndi pamene khalidwe langa linandipereka. Ine moyo wanga wonse ndayesetsa kusaweruza munthu msanga. Pa milandu ya kumpingo amandidziwa kuti ndine womaliza kulankhula, ndipo nthawi zambiri ndimapempha kuti timvenso mbali inayo. Tsono ndinayang'ana mlondayo, ndinayang'ana akhristu anzanga awiri atanyowa ndi mvula, ndipo mumtima ndinati: makina awa aweruza msanga. Aidziwa liti fulashiyi? Sanamve ngakhale mbali yake.

Ndinaitulutsa, ndinaipukuta ndi mpango, ndinailowetsanso. Mlonda anakana. Ndinayesa chibowo cha mbali inayo. Anakananso. Ndiye ine, munthu amene ndimatha theka la ola kulemba kalata ya mizere isanu, ndinapeza pozimitsira mlondayo m'mphindi ziwiri zokha. Mpaka lero sindidziwa kuti nzeru imeneyo inachokera kuti, koma ndikukayika ngati inachokera kumwamba.

Kompyutayo inandichitira chifundo mpaka pomaliza. Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Inandifunsanso kuti mlondayo apume nthawi yaitali bwanji: mphindi khumi, ola limodzi, kapena mpaka kalekale. Ine sindikonda zinthu zochita mwatheka. Ndinasankha mpaka kalekale.

Fulashi inatseguka. Munali foda imodzi yolembedwa kuti NYIMBO. Ndinaidina, sinatseguke. Ndinaidinanso. Ndikuganiza kuti ndinaidina kasanu ndi kawiri, poti ndine munthu wopirira. Kenaka laputopu inayamba kupuma mwamphamvu, mphepo yotentha ikutuluka m'mbali, ndipo mazenera anayamba kutseguka okha pa sikirini. Loyamba linati ndapambana galimoto. Lachiwiri linati kompyuta yanga ikudwala, ndidine apa kuti ichire. Lachitatu linabwera ndi chithunzi cha mayi wina amene nsalu zinamuchepera kwambiri, ndi mawu aakulu onena kuti amayi osungulumwa a mu Mzuzu akufuna kundidziwa lero lomwe.

Chinandizizwitsa kwambiri n'chakuti chinthucho chinadziwa kuti ndili ku Mzuzu. Ndinakhala kukamwa kuli yasa, ndikudzifunsa kuti chadziwa bwanji, ndipo ndikuona kuti ndinakhalitsa ndikuyang'ana kuposa mmene zinayenera kukhalira. Pamene ndinkatseka zeneralo, anatseguka ena awiri. Ndinasolola nsalu ya pathebulo, ija analuka NyaMhone, n'kuphimba sikirini yonse. Tsoka lake nsalu yoluka imakhala ndi mabowo.

Kunja madzi ankadonthabe m'beseni.

"Adada," anatero NyaNyirenda mofatsa, "zaka zitatu ndi zambiri chomene. Palibe amene akukuweruzani."

"Amama, sindine ndaitana anthu amenewa."

"Eya, adada. Tamva."

A Mkandawire anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya zovala padzuwa, tsiku lopanda dzuwa. Onse awiri anatuluka mothamanga moti fulashi yawo anaiiwala.

Nditatsala ndekha ndinazimitsa intaneti, mazenera aja analeka kubwera, ndipo ndinapuma. Kenaka ndinakumbukira mawu aja. Ndinapita pa foda ya AMAMA. Dzina linalipo, koma pa kachithunzi kake panali kamuvi kopindika komwe sindinakaonepo. Ndinadina. Sinatseguke. Ndinafufuza paliponse pomwe ndimadziwa, ndipo pomwe ndimadziwa si pambiri. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Munalibe mawu.

Sindikufuna kukulitsa nkhani ya masana amenewo. Ndinazimitsa n'kuyatsanso katatu. Ndinapemphera. Ndinatenga foni kuti ndiimbire Lusungu, n'kuibwezanso pathebulo. Ndikanamuuza chiyani? Kuti malamulo awiri ndawaswa tsiku limodzi, nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo lachitatu sindinalitsatirepo n'komwe? Lamlungu ndinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, ndinabwerako, ndinavula jekete, ndinakhala pansi, ndipo panalibe choti ndimvetsere. Tsiku limenelo ndi limene nyumba inakula.

Lolemba mmawa ndinakulunga laputopu m'chitenje, n'kuiika m'jumbo kuopa mvula, ndi kukwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenaka minibasi ya ku Luwinga. Aneba anali atandiuza za mayi wina, NyaGondwe, amene amakonza makompyuta a ophunzira a pa yunivesite. Kashopu kake ndi kakang'ono, kodzaza mawaya ndi malaputopu osanjikizana ngati mbale. Mwini wake ndi mayi wa zaka za m'ma makumi asanu, wovala juzi ziwiri, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Pa benchi panali anthu awiri akudikira zawo.

Ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko, kupatula za amayi osungulumwa aja.

"Antivayirasi inalipo?"

"Inalipo."

"Sinakuchenjezeni?"

"Inandichenjeza katatu."

"Ndiye?"

"Ndinaizimitsa. Ndinaona ngati ikuweruza msanga."

NyaGondwe anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Adada, galu akauwa mlendo pakhomo panu, mumamanga galu n'kutsegulira mlendoyo kuchipinda?"

"Ngati mlendoyo ndi wa kwaya, amama, zimatheka."

Anthu a pa benchi anaseka, inenso ndinasekako pang'ono, koma maso anali atayamba kulemera. Ndinamuuza za foda ija, ndi za mphindi zinayi. Anasiya kuseka. Anafunsa ngati ndinasunga kope kwina. Ndinati fulashi yake ilipo, yatsopano, mu kabati. Anangotambasula dzanja kuti ndimupatse fulashi yomwe inabweretsa mavutowo.

Nditangoitulutsa anaigwira pa chingwe chofiira chija n'kuitukula m'mwamba ngati khoswe wakufa.

"Iyi ndikuidziwa. Ya kwaya ya ku Nkhorongo. Anabwera nayo sabata yatha, bambo wamtali wa imvi ndi mayi wogulitsa nsalu. Inali itagwetsa kale kompyuta ya mlamu wawo. Ndinawauza kuti ili ndi vayirasi, aisiye ndiitsuke, abwere mawa lake. Anati akufulumira."

Ndinakhala pa mpando wapulasitiki popanda wondiuza. A Mkandawire ndi NyaNyirenda anadziwa. Ankamwa tiyi wanga akudziwa.

NyaGondwe sanandipatse mpata woganiza zambiri. Anayatsa laputopu, anadzutsa mlonda uja, anamulola kudzikonza pa intaneti, ndipo mlondayo anayamba kugwira zinthu chimodzichimodzi. Mlondayo sanandinyoze, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyamba ntchito pomwe anasiyira. Ndinachita naye manyazi.

Kenaka mayiyo anatsegula kazenera kakuda bii, kopanda chithunzi chilichonse, n'kulembamo timawu tochepa toyera tomwe sitinali Chingerezi kapena chilankhulo chilichonse chomwe ndimachidziwa. Anadina batani limodzi n'kubwerera ku tiyi wake. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Ndiye atatsegula pomwe panali popanda kanthu paja, mayina anayamba kutuluka. Limodzi, asanu, makumi, kutsika sikirini yonse. Ndinaona NyaMhone pa tsiku la ukwati. NyaMhone atanyamula Lusungu ali khanda. NyaMhone atavala yunifomu ya kwaya, atatsinzina poti ankadana ndi kamera.

"Zinachoka kuti?" ndinafunsa.

"Sizinapite kulikonse. Vayirasi ya mtundu uwu siidya zinthu, imangozibisa, n'kuika zabodza pamalo pake kuti mukadina izifalikira. Zinali pompano masiku onsewa."

Masiku awiri ndinalira chinthu chomwe chinali pathebulo langa, pansi pa dzanja langa, chikungosowa wodziwa kuchiitana. Ndakhala ndikulingalira zimenezi kuyambira tsiku limenelo, ndipo sindinafike pamapeto pake. Ndimalingaliranso za munthu amene anapanga kachiromboko. Ali kwinakwake kutali, sanamvepo za Nkhorongo, koma anapanga kanthu kosaoneka ndi maso komwe kanayenda mayiko, kudutsa m'mashopu ojambulira mapepala ndi m'matumba a majekete, mpaka kufika pa mawu a mkazi wanga. Nzeru zonsezo Mulungu anam'patsa, iye n'kuzigwiritsa ntchito yobisa zithunzi za anthu amasiye.

"Koma musazolowere, adada," anatero NyaGondwe. "Ilipo ina yomwe imakhoma zinthu zanu ndi loko, ndipo ikatero ngakhale ine ndimangopepesa. Mwapulumuka. Mawu aja ndi ati? Tiyese ngati ali bwino."

Ndinaloza. Anadina.

Poyamba kunamveka phokoso la mbale. Kenaka alito ija inakwera, yofatsa, yonjenjemera pang'ono pa mawu aatali monga ankachitira. Kunja maminibasi ankaitana anthu a m'tauni, koma m'kashopumo aliyense ankamvetsera. Ine ndinali nditaiwala kuti chapakati pali mbali ina yomwe ndinazolowera kuimva ndekha. Pakati pa nyimbo panamveka mawu a mwamuna, odandaula, ochokera kuchipinda: "Amama, magalasi anga mwawaona?" Nyimbo inaima. NyaMhone anaseka kuseka kwawo kuja. "Ali pamphumi panu, bambo inu. Ndikadzachoka ine mudzatani?"

Shopu yonse inaseka, ndipo NyaGondwe anaseka akupukuta m'maso ndi juzi.

"Amama anakudziwani," anatero. "Onani zomwe mwachita atachoka."

Sanandilole kutuluka chimanjamanja. Anakopera foda yonse pa fulashi yatsopano pomwepo, ine ndikuona, ndipo anati ija ya mu kabati ndikaimatule tsiku lomwelo, ndikopereponso, ndikaisungitse kwa munthu wina osati m'nyumba mwanga. Anafunsa imelo ya mwana wanga n'kumutumizira mawu aja. Motero ndi mmene Lusungu anadziwira. Ndili mu minibasi foni inalira.

"Adada, n'chifukwa chiyani mayi wa ku Luwinga akunditumizira mawu a amama?"

"Ndi nkhani yaitali, mwana wanga."

"Mwaswa lamulo liti?"

"Funsa kuti latsala liti."

Lamlungu lotsatira ndinaona kuti nkhani ya amayi osungulumwa ija inali itanditsogolera. NyaNyirenda anali atauza amayi angapo, pofuna kuti andipempherere. Pakhomo la tchalitchi amayi atatu amasiye anandipatsa moni wautali kuposa wa masiku onse, ndipo mmodzi anandisiyira phava la nthochi. (Nthochizo zinali zabwino. Sindinaone chifukwa chozibwezera.)

Masana ake a Mkandawire ndi NyaNyirenda anabwera kudzatenga fulashi yawo, yomwe NyaGondwe anali ataitsuka. Ndinawathirira tiyi monga kale. Ndinaika fulashiyo pathebulo, chingwe chofiira chili pamwamba.

"NyaGondwe wa ku Luwinga akupereka moni," ndinatero.

A Mkandawire anaika kapu pansi pang'onopang'ono. NyaNyirenda anayang'ana nsapato zake.

"Munadziwa kuti ikudwala," ndinatero. "Bwanji munabwera nayo kuno?"

"Adada, msonkhano unayandikira. Kwina konse anatikana." A Mkandawire anapitiriza: "Tinati inu simukana munthu. Komanso tinaganiza kuti kompyuta ya munthu wopemphera ngati inu mwina ingapirire."

"Ndipo za amayi aja?" ndinafunsa NyaNyirenda.

"Ndinauza anthu awiri okha, adada."

"Nthochi zabwera kuchokera kwa wachitatu."

Sindinawakalipire, poti sindidziwa kukalipa, ndipo pa msinkhu wanga ndachedwa kuphunzira. Ndinangotsegula laputopu n'kuwauza kuti amve chomwe chikanatayika. Sanadziwe kuti mawu amenewo alipo. Alito itayamba, dzanja la a Mkandawire linadzuka lokha pabondo, kumenya nthawi monga ankachitira NyaMhone akaima mzere wachiwiri kumanzere kwawo. Pofika pakati dzanjalo linagwa, ndipo anaphimba nalo kumaso. NyaNyirenda ankaimba nawo chapansipansi mpaka mawu anamukanika.

"Pepani chomene, adada," anatero a Mkandawire. "Tikanawaika m'manda kawiri."

Ndinachita monga ndimachitira pa milandu. Ndinamva mbali zonse, kuphatikizapo yanga, poti fulashi anabweretsa ndi iwo koma wozimitsa mlonda ndinali ine. Kamvula kanali katayambanso pa malata.

Tiyi atatha a Mkandawire anatola fulashi yawo, anaitembenuza m'manja, n'kufunsa mwamanyazi ngati tsopano, poti yachira, tingaone ngati nyimbo zonse zilimo. Ndinayenera kukana. Ndikudziwa kuti Lusungu akawerenga izi adzagwira mutu. Koma ndinailowetsa, ndinapinda manja, n'kusiya mlonda kuti aweruze yekha popanda ine kulowererapo. Anaifufuza mphindi zingapo, tonse atatu tikumuyang'ana ngati oimbidwa mlandu, ndipo anakhalabe wobiriwira. Nyimbo zonse zinalimo.

Ndinawaperekeza mpaka pa kamtunda kaja ndi ambulera imodzi. Ndinawakhululukira.